Anatsanzika, Imfa Osabwera

Ana anga, inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, khalani pansi mumve za bambo wina wometa. Anthu amachita manyazi ndi zambiri. Wina anagwidwa ndi nkhuku ya eni ake m'jekete, wina buluku linamung'ambikira pagulu. Koma manyazi a bambo ameneyu anali achilendo. Iye ankachita manyazi chifukwa chosafa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anali pabalaza akudya buledi wopaka majarini, wailesi ikulira chapansipansi. Kunja kunamveka mawu akuti, "Odi kuno." Munthu wamkulu ndi ndevu zake anadzambatuka ngati wakhalira singano. Buledi pansi pa pilo, iye pabedi, bulangete mpaka m'khosi. Mkazi wake, amene ankasita yunifolomu yake ya kuntchito, anangopukusa mutu n'kukatsegula chitseko.

Analowa amayi a kutchalitchi atanyamula nthochi ndi mkaka. Nkhope anali atazikonzeratu kunja kuti zikhale zachisoni. Koma chisoni chimafuna pogwira. Munthu anali gone pabedipo masaya ali phuliphuli ngati khanda, thukuta lili kamukamu chifukwa cha bulangete, pamlomo pakunyezimira majarini.

"Mwaswera bwanji, abambo?" anafunsa wamkulu wa amayiwo.

"Pang'onong'ono," anayankha, n'kutsokomola chifuwa chobwereka.

"Komatu mukuoneka bwino," anatero wamng'ono pa onsewo, amene pakamwa pake panalibe chitseko. "Mwachita kunenepa kuposa chaka chatha pomwe tinadzakutsanzikani."

Mnzake anamuponda phazi. Amayiwo anapemphera mwachidule n'kutuluka, koma asanafike pampanda kuseka kunawapulumuka. Wometa anakumva kusekako. Anafunda kumutu.

"Tulukani m'menemo, mungapse," anatero mkazi wake. "Ndipo buledi wanu wadetsa pilo."

Kuti mumvetse mmene munthu wanzeru zake anafikira pamenepa, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Bamboyu anali ndi kashopu kometera pa msewu wa mashopu, pakati pa wogulitsa nsapato ndi wokonza mafoni. M'katimo munali mpando wozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi la odikirira, ndi makina ometera okolekedwa pamsomali. Dzanja lake linali lopepuka, koma chomwe chinkakoka anthu ndi pakamwa. Wometa wosalankhula ali ngati wailesi yopanda mabatire, ndipo uyu mabatire sankamuthera. Nkhani ikalowa m'shopumo m'mawa ili yosavala, pofika madzulo imakhala yazungulira msewu wonse itavala ndi chipewa chomwe.

Nthawi ina anadwala kutentha thupi kosamva mankhwala. Kuchipatala anamutenga magazi, anamutenganso, kenaka anamubaya pafupa la m'chiuno n'kutengamo mafuta a m'mafupa. Zotsatira zitatuluka, dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anamukhazika pansi pamodzi ndi mkazi wake.

"Bambo, mwapezeka ndi khansa ya m'magazi," anatero dokotalayo. "Koma mundimvetsere mpaka ndimalize. Mtundu umenewu ndi wosowa, ndiponso ndi waulesi. Imayenda pang'onopang'ono, ena amakhala nayo zaka osadziwa n'komwe. Magazi anu akadali ndi mphamvu, choncho lero sindikupatsani mankhwala. Mankhwala ake ndi aukali, ndipo kuwapereka nthawi isanakwane kumangofooketsa thupi popanda phindu. Muzibwera pakapita miyezi ingapo tiziyeza. Tikaona kuti magazi ayamba kutsika, pamenepo ndi pomwe tidzayambe."

Makutu a wometa anali bwinobwino, anamva zonse. Koma mtima wake unathamangira kwa bambo ake. Iwonso kale akuchipatala anawabweza opanda ngakhale piritsi limodzi, amvekere kawapumitseni kunyumba, ndipo mwezi usanathe anaikidwa m'manda.

Ali m'basi pobwerera, mkazi wake anati, "Mwamvatu, akuti tidikire."

"Amayi, inu simuwadziwa anthu amenewa," anayankha. "Ine ndameta madokotala. Akakubweza chimanjamanja ndiye kuti akuuza mwaulemu kuti kakonze zako."

Munthu wina akanapita kunyumba n'kukalira mwakachetechete. Koma uyu anali wometa. M'mawa mwake anatsegula shopu, kasitomala woyamba anakhala pampando, iye n'kumumanga nsalu m'khosi, n'kuusa moyo.

"Achimwene, liyang'anitsitseni dzanja ili. Mwina ndi komaliza."

Pofika masana benchi linali litadzaza, ena ataima panja. Ndi a dazi omwe anabwera kudzametedwa kotsanzika. Wogulitsa nsapato, nkhalamba yomwe anagundizana nayo khoma zaka zambiri, analira mpaka mamina, akuti, "Mwana wanga, bwanji osayamba ine?" Wometa naye ankalira uku akumeta, ndipo ambiri tsiku limenelo anatuluka ndi mizere yokhota koma palibe anadandaula.

Sanathere pomwepo. Mkazi wake anali ndi mlongo wake wamng'ono, lova wa nthabwala zambiri amene ankangozungulira m'tauni. Wometa anamuitana, anamuphunzitsa kagwiridwe ka makina kwa masiku ochepa, kenaka pamaso pa anthu anamupatsa makiyi.

"Alamu, mpando uwu ndi wanu, galasi ndi lanu. Muzindikumbukira."

"Abambo, dikirani kaye," anatero mkazi wake akumukoka malaya. "Kuthamanga sikufika."

Sanamve. Anachapitsa suti yake, anasankha nyimbo zodzaimba pamaliro, anakhululukira adani ake, ena mwa iwo osadziwa n'komwe kuti anali adani. Atatha zonse, anagona pabedi n'kuyamba kudikira.

Mwezi unatha. Unathanso wina. Imfa osabwera.

Anthu ankabwera ndi zipatso, mkaka, mazira. Munthu wongogona, wosagwira ntchito, wodya zonsezo, mukuganiza kuti angatani? Anayamba kusalala. Suti yodzaikidwa nayo ija inasiya kumukwana.

Masiku oyamba kuchipatala ankapita ndithu. Ulendo uliwonse dokotala ankati, "Magazi ali bwino, palibe chasintha." Mkazi wake ankatuluka akuvina ndi mapewa, koma iye ankatuluka ngati mwana amene walephera mayeso. Adzawauza chiyani anthu? Komanso kuti akakwere basi ya kuchipatala, ankayenera kudutsa msewu wa mashopu uja, aliyense akumuona kuti akuyenda ndi miyendo yake iwiri.

Kenaka zinachitika zoipa. Wogulitsa nsapato uja, amene analira kuposa onse, anagwa m'shopu mwake n'kumwalira. Wometa anapita kumaliro atatenga ndodo yoyendera kuti aoneke wofooka. Atangofika, wokonza mafoni, mnyamata wamkulu wa lilime lakuthwa, ananong'ona mokweza:

"Taonani, a Malemu abwera kudzaperekeza mnzawo. Pepanitu a Malemu, mkuluyu wakudumphani pamzere."

Anthu anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, pamaliro pomwepo. Dzina linamumatirira ngati chingamu kutsitsi. Kuyambira tsiku limenelo msewu wonse unkamutcha Malemu. Ena ankati ananama kuti athawe ntchito azidyetsedwa ndi mkazi. Ena ankati anangofuna kuona amene angamulire.

Malemu anasiya kutuluka. Anasiyanso kupita kuchipatala. Mkazi wake ankalawirira kuntchito yake yoyeretsa m'maofesi, ndipo akafunsa madzulo, iye ankangoti, "Ndinapita, akuti chimodzimodzi." Mlendo akagogoda, ankathamangira m'bulangete. Ndi mmene tinamupezera poyamba paja, majarini ali pamlomo.

Amayi a kutchalitchi aja atapita, mkazi wake anazimitsa ayironi n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Abambo, ine ndinalonjeza kukusamalani mukadwala. Koma kusamala munthu wodwala manyazi sindinalonjeze. Mawa mudzuke."

Anadzukadi. Ku shopu sakanabwerera. Chinthu wapereka wekha pamaso pa anthu, misozi ili mbwembwembwe, ungakachilande bwanji? Anakapeza ntchito kutali, mbali ina ya tauni, yokweza makatoni m'malole pa sitolo yaikulu. Munthu amene zala zake zinazolowera kusisita mitu ya mabwana anayamba kusenza sopo ndi mafuta ophikira. Msana unkalira, koma mtima unapepukako, chifukwa kumeneko palibe ankamudziwa.

Pang'onopang'ono anayambanso kudutsa msewu wa mashopu. Wokonza mafoni akakuwa kuti, "A Malemu, kumanda kuli bwanji?" iye ankaseka nawo, mano okha. Ndipo kuti nkhaniyo ife, anaphika bodza lachiwiri.

"Zija zinatha," ankawauza. "Ndinachira. Ndili gwa ngati mwala."

Apa ndi pomwe anadzitchera msampha, ana anga. Poyamba ankanamizira kudwala ali bwino. Tsopano matenda aulesi aja anadzuka, anadziongola, n'kuyamba ntchito.

Anayamba kutopa. Katoni yomwe kale ankainyamula akuimba mluzu inkamusiya akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Akangogunda pang'ono pachitseko cha lole, pankatuluka chibanga chakuda chosatha msanga. Kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, kunkalemera ngati wameza njerwa, ndipo akadya pang'ono ankakhuta. Chimfine chikachoka, china chinkakhala chili kale pakhomo.

Ankadziwa chomwe chikuchitika. Dokotala anali atamuuza zizindikiro zonsezi. Koma akaganiza zotsegula pakamwa, ankamva kale mawu a msewu wonse: wayambanso. Choncho ankavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji, lamba anamuboola bowo lina, chakudya chotsala ankachikankhira m'mbale ya mkazi wake mwini mbaleyo akatembenuka. Mkaziyo akamuyang'anitsitsa n'kufunsa, ankati, "Ndi makatoni awa, amayi. Ukalamba." Munthu amene ankafunda bulangete ali bwino, tsopano ankaimba mluzu akudwala.

Linafika Loweruka lina, ndevu zitamukulira. Anati alowe kwa mlamu wake amupungule. Shopu inali yodzaza, wokonza mafoni ali pabenchi akudikira nthawi yake.

"Dzukani, dzukani, mwini mpando wafika kuchokera kutsidya," anatero mlamuyo akukutumula nsalu. "Alamu, ndikumeteni ya amoyo kapena ya kwanu?"

"Ingometani, alamu. Ndipo dzanja lanulo lichepetse ukali, si khasu limenelo."

Mlamuyo anali ataphunzira ntchito ndithu, koma poongola mzere kuseri kwa khutu anali adakali ndi dzanja lolemera. Lezala linadya pang'ono, kabala kochepa ngati njere ya mpunga. Zotere m'shopu yometera si nkhani. Umapaka sipiriti, umadinikiza thonje, munthu amati "asss," basi zatha.

Anadinikiza thonje. Linafiira. Anatenga lina, linafiiranso. Magazi anatsika m'khosi, analowa m'kolala, anayamba kudontha pansalu. Nthabwala za mlamu zinauma.

"Alamu," anatero chapansipansi, "ine ndatema anthu ambiri chiyambire ntchito ino, inu ndinu mboni. Koma wotere sindinamuonepo."

Pofuna kupukuta m'khosi anamasula batani la malaya, ndipo anaona mabanga akuda paphewa ndi pachifuwa. Anamuyang'ana pagalasi. Malemu anagwetsa maso.

"Kodi a Malemu akufuna atsanzikenso?" anatero wokonza mafoni. "Tiuzeni msanga, mkaka wakwera mtengo."

Ena anaseka. Mlamu sanaseke. Anatulutsa anthu onse, anatseka chitseko, n'kuimbira foni mlongo wake. Mkaziyo anafika akuthamanga, yunifolomu ili m'thupi, anapeza mwamuna wake atagwira thaulo kukhutu. Anamuvula malaya. Anaona mabanga, anaona mimba yotupa mbali imodzi, anaona nthiti.

"Kuchipatala munapita liti komaliza?"

Malemu anadinikiza thaulo kukhutu ngati sanamve.

"Abambo, ndikufunsa."

"Kalekale," anayankha ndi mawu a mwana wakuba shuga. "Amayi, mundimvetse. Ndinawauza kuti ndikufa, sindinafe. Ndinawauza kuti ndachira. Ndikapitanso kuchipatala anthu awa ati chiyani?"

Mkaziyo anamuyang'ana, misozi ili m'maso koma mawu ali owuma.

"Ndiye mukufuna mufe kuti wokonza mafoni akhulupirire?"

 Mawuwo atanenedwa mokweza choncho, Malemu anaona yekha kupusa kwake kuli poyera ngati zovala zam'kati pachingwe cha aneba. Anadzuka. Anatuluka pakhomo la kutsogolo, thaulo lamagazi lili kukhutu, msewu wonse ukuonerera, mlamu mbali iyi mkazi mbali iyo. Ulendo wochoka pashopu kukafika pokwerera basi sunamutalikirepo ngati tsiku limenelo.

Kuchipatala anamugoneka, anamuwonjezera magazi, kabala kaja kanaleka kukha magazi. Dokotala wa magalasi uja atabwera, Malemu anafuna kulowa pansi pa bedi.

"Bambo wometa," anatero dokotalayo akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tinakusowani."

"Adokotala, ndilibe pakamwa."

"Aka ndi koyamba," anatero mkazi wake.

Dokotalayo anamwetulira pang'ono, n'kukoka mpando. "Mukanabwera msanga, sitikanafika potaya magazi chonchi. Koma simunachedwe mpaka potisowetsa chochita. Maselo oipa achuluka m'mafuta a m'mafupa, moti akutsekereza magazi abwino kupangika. N'chifukwa chake mukutopa, mukudwaladwala, ndiponso magazi sakuundana. Kulemera kwa kumanzereko ndi kapamba watupa. Maselo amenewa tikawayang'ana pa makina okuzira zinthu amaoneka ngati ali ndi ubweya."

"Aubweya?" anatero Malemu. Ngakhale anali wofooka, uwometa unamudzukira. "Ndiye osangowameta bwanji?"

"Ndi zomwe tikufuna kuchita, koma makina athu ndi ena. Tsopano mvetserani, ndipo ulendo uno mumve zomwe ndikunena ine, osati zomwe mukuopa inu."

Anamufotokozera njira zonse imodziimodzi, mosathamanga. Njira yodikira ndi kuyeza, anati, nthawi yake yatha, chifukwa magazi atsika. Pali mankhwala amphamvu olowa kudzera m'diripi kapena jakisoni kwa masiku ochepa motsatizana, ndipo kwa anthu ambiri ulendo umodzi wokhawo umagoneka matendawa zaka zambiri. Pali ena ofanana nawo operekedwa modumphitsa masabata kwa miyezi ingapo. Palinso mankhwala ena amene amasaka maselo oipawo n'kuwaika chizindikiro kuti chitetezo cha m'thupi chiwaphe, ndipo nthawi zina amawaphatikiza ndi oyamba aja. Matenda akadzadzukanso m'tsogolo, akhoza kubwereza, kapena kupereka mapiritsi apadera. Opaleshoni yochotsa kapamba iliponso, koma masiku ano sachita kawirikawiri.

Kale lija Malemu sanafunse funso ngakhale limodzi. Tsiku limeneli anafunsa mpaka dokotala anayang'ana wotchi.

"Ndiye ndichira?"

"Sindikulonjezani kuti adzatheratu osabweranso. Koma tikhoza kuwagoneka tulo tatitali, inu n'kumagwira ntchito, n'kukalamba."

"Nanga choopsa n'chiyani?"

"Mankhwalawa amagwetsa chitetezo cha m'thupi kwa kanthawi. Muzipewa pagulu ndi anthu achifuwa. Thupi likangotentha, musadikire kuti kuche kapena kuti muone kaye. Mubwere nthawi yomweyo."

"Tsitsi lithothoka?"

"Awa kawirikawiri sathothola."

"Alamu amva bwino, kasitomala sanawathawe."

Anagwirizana za mankhwala a masiku ochepa aja. Musaganize kuti zinali zophweka ayi. Atamaliza kulandira, thupi linafooka kuposa poyamba, chakudya chinkamveka ngati pepala, kupita kubafa kunali ngati kukwera phiri. Ndipo taonani mmene dziko lilili: nthawi yomwe ankanamizira, anthu ankadzaza nyumba ndi nthochi. Tsopano akudwaladi, palibe anagogoda. Amayi a kutchalitchi anatumiza mawu akuti amupempherera ali konko, poti kumuona anamuona kale. Zinamuwawa, koma dokotala anali ataletsa kale alendo, choncho bodza lake lomwe linamutchingira chimfine cha anthu.

Amene ankabwera ndi mlamu yekha. Ankaima panja pawindo madzulo akaweruka, n'kumafotokoza mitu yomwe waononga tsikulo.

"Alamu, lero kunabwera mphunzitsi wa mutu wa mabampu. Ndayesetsa, koma watuluka ngati munda wolima ana."

Malemu ankaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka n'kumulangiza pawindo pomwepo kuti mutu wotere umayambira kumbuyo, makina atapendekeka.

Mayeso enieni anabwera m'mawa wina. Mkazi wake anali atangovala kuti apite kuntchito, atajomba kale masiku ambiri chifukwa cha iye, abwana ake atayamba kung'ung'udza. Malemu anamva kuzizira m'mafupa, kenaka kutentha. Mawu akale aja anabwera: ungovutitsa anthu, mwina si kanthu, adzati wayambanso. Anaona mkazi wake akutenga chikwama, akutsegula chitseko, phazi limodzi lili kale panja. Pakamwa pomwe pankadyetsa msewu wonse nkhani panalemera ngati chitseko chachitsulo.

"Amayi," anaitana. "Thupi latentha."

Mkaziyo anabwerera, anamugwira pamphumi, anaika chikwama pansi. Kuchipatala anamugonekanso, anamupatsa mankhwala opha tizilombo kudzera m'diripi. Namwino wina pomusintha botolo anati, "Mwachita bwino kufulumira, bambo. Zotere sizidikira." Malemu anayang'ana kudenga, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani yonseyi sanafune kubisa nkhope.

Miyezi inapita. Magazi anayamba kukwera. Njerwa ya m'mimba ija inasungunuka, mabanga anatha, mbale anayamba kuimaliza yekha. Tsiku lina dokotala anayang'ana zotsatira n'kunena kuti, "Agona. Koma muzibwerabe tiziwasuzumira."

Atamuloleza kubwerera pagulu, mlamu anabwera kunyumba ndi makiyi m'manja.

"Alamu, tengani shopu yanu. Munandipatsa poganiza kuti mukupita. Poti ulendo munalephera, katundu abwerere."

"Ayi, alamu. Pa zopusa zonse zomwe ndinachita chaka chija, chanzeru chinali chimodzi chokhacho. Mwasiya kuzungulira m'tauni, mlongo wanu akugona tulo. Ingosunthani benchi, tione ngati mpando wachiwiri ungalowe."

Unalowa, ngakhale mothinana moti akamameta onse awiri zigongono zinkagundana. Sunali wozungulira, unali wapulasitiki wamba, ataukweza ndi matabwa. Munthu amene anali mwini shopu anayambiranso pakona, pafupi ndi tsache.

Tsiku loyamba anthu ankangosuzumira pakhomo, osalowa. Amene analimba mtima ndi wokonza mafoni. Anakhala pampando wapulasitikiwo, anapinda manja, n'kuyang'ana pagalasi.

"Ndiye tiuzeni zoona, a Malemu. Mukufa kapena simukufa? Tatopa kusintha nkhope."

 Malemu anamva manyazi akale aja akumubwerera. Anamanga nsalu m'khosi mwa mnyamatayo, anaikoka pang'ono kuposa muyeso, n'kuyatsa makina.

"Ndikuuza, mphwanga, poti uli m'manja mwanga ndipo sungathawe ndi mutu wometa theka. Matenda ndili nawo, khansa ya m'magazi, yoyenda pang'onopang'ono. Adokotala anandiuza kuti tidikire tiziyeza, ine ndi mantha anga n'kudzakuuzani kuti ndikufa. Limenelo linali bodza loyamba. Mutayamba kundiseka ndinakuuzani kuti ndachira. Limenelo linali lachiwiri, ndipo ndi lomwe linatsala pang'ono kundipha. Tsopano ndalandira mankhwala, matenda agona. Akhoza kudzuka, ndipo akadzuka njira zina zilipo. Kufa ndidzafa, koma pamzere sindikudziwa ngati ndili patsogolo pa iwe. Weramitsa mutu."

Wokonza mafoni anaweramitsa mutu. Anakhala chete mpaka kumeta kunatha, chinthu chomwe msewu umenewo unali usanachionepo. Podzuka anadzikuntha tsitsi paphewa n'kunena osayang'ana munthu, "Mzerewu mwauongola bwino, madala."

Nkhani imeneyonso inazungulira msewu pofika madzulo, koma ulendo uno inayenda mmene inatulukira, osavala chipewa. Makasitomala akale anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Ena ankadikira kuti anzawo atuluke, n'kunong'ona ali pampando kuti mkazi wawo ali ndi chotupa koma akuopa chipatala, kapena kuti iwowo anapatsidwa tsiku lobwerera koma sanapite. Malemu sankadziyesa dokotala. Ankangoti, "Pitani, mukafunse mpaka mumvetse. Mukakabwera mudzandiuze zomwe wanena dokotala, osati zomwe mwalota m'basi."

Lero shopu ija anaigumula khoma n'kuikuza, mipando yonse iwiri ndi yozungulira, ndipo munthu ndi mlamu wake amakangana tsiku lonse kuti katswiri ndani. Koma pakapita miyezi ingapo limafika tsiku lomwe bamboyu amakoleka makina pamsomali dzuwa lili pamutu, benchi lili lodzaza, n'kuvala jekete.

"Mukupita kuti, madala, ife tikudikira?"

"Kuchipatala."

"Mwadwalanso?"

"Ayi, ndili bwino. N'chifukwa chake ndikupita."

Ndipo amadutsa pakati pa msewu, akupereka moni uku ndi uku, osafulumira.

Tsono ana anga, akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Dokotala akakuuzani kuti tidikire, sikuti wakutayani, wakuuzani kuti mubwerenso, ndiye bwereraniko. Akakuuzani dzina la matenda loopsa, musathamangire kugawa mipando, khalani pansi mufunse njira zomwe zilipo. Ngati munalakwitsa pamaso pa anthu, alekeni aseke, mano ndi awo. Oseka sadzakugonerani pabedi la kuchipatala, ndipo m'bokosi simulowa anthu awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzukani, sambani kumaso, pitani mukaonedwe. Mtima musautaye, mudakali ndi mitu yambiri yoti mumete.